Ochotsa ndere padenga: ntchito anagwira bwino, koma nkhwani wathu anapita

Nyumba yathu kuno ku Rochdale ku England ndi ija ya semi (nyumba ziwiri zogawana khoma limodzi), denga la matailosi a simenti, ndipo mbali yakumpoto inali itasanduka bwalo la mpira. Ndere yake yonenepa, yobiriwira, mpaka mizere ya matailosi osaonekanso. Ine ndinakulira ku Ntcheu m'nyumba ya malata, kumene vuto ndi dzimbiri ndi misomali kuzuka, ndere ndinkangoiona pachitsime basi. Ndiye poyamba ndimangoti bola sikudontha. Chinandidzutsa ndi ma gutter, ngalande zija za m'mphepete mwa denga zolandira madzi amvula. Mbalame zimafukula ndere ija posaka tizilombo, zibuma zake zimagubuduka n'kudzaza mu gutter, mvula ikabwera (ndipo ya kuno sigogoda) madzi amasefukira n'kumatsika ndi khoma, mpaka kuchipinda kwa ana kunayamba kumveka fungo la chinyontho.

Ndinaitana makampani atatu. Awiri anati abwera ndi pressure washer (makina opopera madzi mwamphamvu), tsiku limodzi denga lili mbee. Wachitatu, amene ndikumukamba panoyu, anakana zimenezo ndipo anandifotokozera chifukwa chake osathamanga. Akuti tailosi ya simenti ili ndi kachikopa pamwamba, madzi amphamvu aja amakakokolola n'kusiya tailosi yokhakhala, ndiye ndere imapeza pogwira bwino kuposa kale, komanso wopoperayo akaloza chokweza madzi amalowa kunsi kwa matailosi n'kukanyowetsa mu loft, mpata wa pakati pa denga ndi siling'i. Atawona garaja yathu anati iyo sakhudza ngakhale nditawonjezera ndalama, chifukwa nyumba ndi ya m'ma 1960 ndipo mapepala a simenti amizeremizere a nthawi imeneyo ambiri ali ndi asibesitosi, zinthu zimene fumbi lake limawononga mapapo, amene ku UK analetsedwa kotheratu mu 1999. Munthu wokana ndalama ine ndimamukhulupirira. Ndinapempha pepala la inshuwalansi yawo, anatumiza pa WhatsApp madzulo omwewo.

Mtengo unali £750, pamene anzawo aja amati £500 ndi kanthu. Zinawawa ndithu, koma munali scaffolding (nsanja yachitsulo yokwerapo), kupala, mankhwala ndi kuyeretsa ma gutter.

Tsikulo anabwera anyamata awiri cha m'ma 8, ndipo chimene ndinakonda n'chakuti sanali kuyendayenda pamatailosi ngati ali pa msewu. Anali ataima pa scaffolding n'kumapala ndi ndodo zazitali zokhala ndi kachitsulo kodulidwa molingana ndi mawonekedwe a tailosi, kuyambira pamwamba kutsika, mzere ndi mzere. Ntchito yotopetsa abale, ndinawapangira tiyi kanayi. Matumba amene anatuluka pamenepo ndinasiya kuwerenga atakwana 20, ndipo lililonse lolemera ngati muli mchenga, poti ndere imamwa madzi ngati siponji. Kuipa kwake kuli pomwepo: imasunga madzi, nthawi yozizira madziwo amaundana n'kufufuma, tailosi kapena simenti ya pamsonga n'kung'aluka. Anapeza matailosi atatu osweka, anandijambulira pafoni ndisanafunse, n'kusintha pa mtengo wa matailosi okhawo.

Atamaliza kupala anapopera mankhwala, pachigubu panalembedwa benzalkonium chloride, ndi pampu yofatsa ngati ija timapopera mbewu kumunda. Anandiuziratu kuti ndisayembekezere denga lowala mawa lake, mankhwalawa amagwira pang'onopang'ono ndipo mvula ndi imene imatsuka zakufazo. Sananame. Sabata zoyamba madam amangoti ndalama zija tataya, denga linali lamathothomathotho, koma patatha miyezi itatu zotsalira zija zinafiira n'kuyoyoka zokha. Timadontho tina toyera tomata pamatailosi ngati ndalama zachitsulo ndi timene tikukanirira, tina tikadalipo mpaka pano ngakhale tafooka. Anachenjezanso kuti amphaka asayandikire mpaka pataumiratu chifukwa mankhwalawa amawapsereza pakamwa akanyambita, ndinakauza aneba amene ali ndi amphaka awiri.

Tsono apa ndi pamene anandikwiyitsa. Kuseri tili ndi mgolo wotchera madzi amvula, wolumikizidwa ku paipi yotsika kuchokera mu gutter. Munthu amene amakumbukira amphaka a aneba angaiwale bwanji mgolo umene waulambalala tsiku lonse? Sanauchotse, sanandiuze kanthu. Mvula inagwa, mankhwala onse otsukuluzika analowa mumgolo, ine osadziwa ndinatunga n'kuthirira nkhwani ndi mpiru wa madam. Masiku awiri masamba anali atapsa m'mbali, kenako zii. Amene muli kuno mukudziwa kuti nkhwani ku Rochdale ndi golide, umadikira chilimwe chonse kuti udye kawiri katatu, ndiye mlandu umene ndinauona m'nyumba muno sindiufunira munthu. Vuto lina ndi langa, ndikanaganiza, koma iwowo ndi amene amagwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri, ma gutter anayeretsa koma paipi yakuseri anaisiya itatsekeka ndi ndere yomwe anapalayo, mvula yoyamba madzi amangokhuthukira pakhomo lakukhitchini. Ndinaimba katatu, anabwera patatha masiku 9. Atabwera anatsegula, anatsuka mgolo, anapepesa bwinobwino osakangana, n'kubweza £40. Pagalimoto ya aneba panagweranso zibuma, ndinatsuka ndekha kuti tisayambane.

Anandinyengerera kuti aike kachingwe ka kopa pamsonga pa denga, akuti mvula ikamadutsapo imatenga kopa amene ndere imadana naye. Zoona zimathandiza, koma kwambiri ndi mizere yoyandikira pamwamba, pamene vuto langa lili kumunsi pafupi ndi mtengo umene uli pambali pa nyumba. Ndinakana, ndalamayo ndinalipira munthu wodula nthambi zimene zimatchinga dzuwa. Ochotsa ndere aja akuti pakapita zaka zingapo kudzafunika kupoperanso, kupala ayi.

Nyenyezi ndikuwapatsa 4 mwa 5. Ndikhoza kuwaitananso, koma tsikulo ndidzachotsa ndekha mgolo asanatsike n'komwe m'galimoto, ndipo asananyamuke ndidzawapempha athire ndowa ya madzi mu gutter ine ndili pansi kuonerera ngati akutuluka.