Kulipira pamwezi kapena kulowa mwaulere, magemu a pa intaneti amatidyera pati?

Mphwanga, mwana wa achemwali, anabwera kwathu nthawi ya holide ndi foni yake yosweka pakona, tsiku lonse mutu uli mu gemu yowomberana. Nditamuuza kuti ine ndimalipira mwezi ndi mwezi kuti ndisewere gemu pa kompyuta anadabwa kwambiri, akuti "Amalume, mumalipiriranji pomwe magemu ndi aulere?" Sipanathe masiku atatu, yemweyo anabwera mwaulemu, manja kumbuyo, kudzapempha ndalama ya madayamondi, ndalama za mu gemu zomwe umagula ndi ndalama yeniyeni, chifukwa chovala chomwe ankachifuna chimachoka mushopu Lamlungu usiku ndipo anzake onse a mu timu anali atagula kale. Ndinampatsa, koma ndinamukhazika pansi tinawerengera zomwe anali ataponyamo kuyambira Januwale, pang'onopang'ono, apa ya bandulo apa ya chiwaya, ndipo inali itaposa yomwe ine ndinalipira miyezi iwiri.

Nde tiyeni tiziike pambalimbali njira ziwirizi, chifukwa zonse zimafuna ndalama yanu. Seva, makompyuta a kampani omwe gemu imayendera, sizimayenda ndi madzi, anthu olemba gemu amalandira malipiro. Kusiyana kwake kuli pa malo omwe amakugwirani m'thumba.

Njira yolipira pamwezi ndi yakale, ndipo mfumu yake ndi World of Warcraft ya kampani ya Blizzard, yomwe inatuluka mu 2004. Mtengo wake ku America ndi $14.99 pamwezi, ndipo wakhala pomwepo zaka pafupifupi 20. Mu 2010 inafika pa anthu 12 miliyoni olipira. Ina ndi Final Fantasy XIV ya Square Enix ya ku Japan, yomwe inatuluka mu 2010 ili yoipa kwambiri mpaka kampani inazimitsa seva nkumanganso gemuyo motsogozedwa ndi Naoki Yoshida, nkutulukanso mu 2013 ndi dzina la A Realm Reborn. Iyi ndi yomwe ine ndimasewera. Ukalipira mwezi wako, walowa basi, dunjoni iliyonse, phanga la adani lomwe mumalowa pagulu, ndi yako, mdani aliyense wamkulu umamenyana naye, ndipo chida chomwe mnzako wanyamula kumsana ukudziwa kuti anachivutikira usiku wambiri kapena anachigula ndi ndalama ya mu gemu yomwe anaisaka yekha. Chimenechi ndi chomwe chimandisunga. Kampani ikamadya pa kulipira kwa pamwezi, ntchito yake ndi imodzi, kuonetsetsa kuti mwezi wamawa ukhale ukufunabe kubwera, nde imakakamizika kulemba nkhani yabwino ndi kutulutsa zatsopano. Palibe chomwe imapindula ikakutsekera njira pakati nkumakuuza kuti dikira maola 8 kapena lipira.

Koma njirayi ili ndi minga yake ndipo ife timaiponda kuposa a ku Ulaya. Choyamba umalipira masiku, osati maola omwe wasewera. Mwezi wina ndinalipira pa 2, magetsi nkuyamba kuthima madzulo alionse, nthawi yokhayo yomwe ndimakhala pakhomo, kenako kunagwa maliro kumudzi ndinakakhala sabata yathunthu, ndipo pomwe mwezi umatha ndinali nditalowa kasanu kokha. Ndalama inapita, masiku sabwerera. Chachiwiri mtengo uli mu madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, gemu inali yomweyo, $15 yomweyo, koma kwa munthu wolandira makwacha mtengo unalumpha usiku umodzi, osanena za vuto lopeza khadi yoti ivomere kulipira kunja. Chachitatu, chomwe ambiri sakuuzani, kulipira pamwezi sikuti kwathera pompo. Chigawo chatsopano chikatuluka, ngati Dawntrail ya Final Fantasy XIV kapena The War Within ya Warcraft zomwe zonse zinatuluka mu 2024, umagula padera. Ndiponso shopu ilimo. Blizzard inagulitsa hatchi yonyezimira ya mu gemu ya $25 mu 2010 anthu nkuima pamzere kugula, ndipo mu 2024 inagulitsa chinyama chokwera cha $90. Izi zimandiwawa, chifukwa munthu walipira kale pakhomo, bwanji mkati akumugulitsanso mpando?

Tsono zaulere. Njirayi inakula ku South Korea, ndi magemu ngati MapleStory ya Nexon ya mu 2003, kenako inafalikira dziko lonse. League of Legends inabwera mu 2009, Dota 2 mu 2013, Fortnite Battle Royale mu 2017, Free Fire chaka chomwecho, PUBG Mobile mu 2018, Genshin Impact mu 2020, ndipo mpira wa Konami womwe tinkaudziwa kuti PES unasanduka eFootball yaulere mu 2021. Ubwino wake sitingaukane ndipo ine sindikufuna kuukana. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Chawama yemwe alibe khadi ya kubanki, alibe kompyuta, ali ndi foni ndi bandulo basi, amalowa bwalo limodzi ndi mwana wa ku Jakarta kapena São Paulo. Gemu ya anthu ambiri imafuna khamu, ukadina kuti usewere payenera kupezeka anthu ena nthawi yomweyo, ndipo khomo lotseguka ndi lomwe limabweretsa khamulo. Ukafuna kukokera mnzako umangoti tsitsa tiyese, sumamuuza kuti ayambe wasaka madola.

Vuto ndi loti mawu akuti zaulere akubisa mitundu itatu yosiyana kwambiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo.

Pali magemu omwe amagulitsa maonekedwe okha. Mu Dota 2 ngwazi zonse, zoposa 100, ndi zaulere kuyambira tsiku loyamba, munthu yemwe waponyamo ndalama zambiri ndi yemwe sanaponyemo kalikonse amamenya nkhonya yofanana, kusiyana ndi chovala basi. Fortnite nayo mfuti ya wolipira siipha msanga kuposa yako. Awa ndimawalemekeza, ndipo Dota 2 ili ndi seva ku South Africa, zomwe kwa ife zikutanthauza ping yotsika, ndiye kuti gemu siichedwa kuyankha ukadina, kusiyana ndi kulumikiza ku Ulaya komwe umawombera munthu atachokapo kale.

Pali omwe amagulitsa nthawi ndi mphamvu. Awa ndi aja umamanga nyumba ya asilikali nkukuuza kuti itha pakapita masiku, koma ukaponyapo timiyala itha pompano. Masabata oyamba zonse zimayenda mofewa, mphatso mbwee, ukukwera msanga, ndipo ukazolowera, wapeza gulu, uli ndi mudzi wako womwe ukuunyadira, mpamene njira imayamba kukwera chitunda. Kuvutako anakuika dala kuti akugulitse mankhwala ake. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Ndipo pali omwe amagulitsa mwayi, mabokosi osadziwika zamkati, omwe ku Japan amati gacha. Tengani Genshin Impact, gemu yokongola zedi yomwe ungasewere nkhani yake yonse osalipira. Koma ukafuna munthu wa nyenyezi 5, yemwe ndi wosowa kwambiri mu gemuyo, mwayi pa kukoka kumodzi, kapena kuti kutsegula bokosi limodzi, ndi 0.6 peresenti, ndipo ngakhale gemu imalonjeza kuti pofika kukoka kwa nambala 90 upeza mmodzi, pali pafupifupi theka la mwayi kuti sakhala yemwe umafuna, nde zikavuta uyenera kukoka mpaka ka 180. Munthu akafika pa 70 sangaleke, mtima umati ndatsala pang'ono, ndipo apo mpomwe khadi imatuluka. Ine izi ndimazitcha juga, ndipo si ine ndekha. Dziko la Belgium mu 2018 linagamula kuti mabokosi ogula ndi ndalama oterewa ndi juga, mkangano utakula chifukwa cha Star Wars Battlefront II mu 2017. China inalamula kuti kuyambira mu 2017 makampani azionetsa poyera mwayi wopeza chinthu chilichonse m'bokosi. Ku South Korea, mu Januwale 2024, boma linalipitsa Nexon chindapusa cha ma won, ndalama za kumeneko, pafupifupi 11.6 biliyoni chifukwa chosintha mwayi mu MapleStory mobisa osauza osewera. Ngakhale Fortnite yomwe ndaiyamikira ija, mu Disembala 2022 eni ake, kampani ya Epic Games, inavomera kulipira $520 miliyoni pa mlandu womwe inali nawo ndi FTC, bungwe la boma loteteza ogula ku America, ndipo $245 miliyoni mwa izo inali yobwezera anthu omwe anagula zinthu mosafuna chifukwa cha mmene mabatani anawaikira, ena a iwo ana.

Chomwe chimayendetsa njira imeneyi ndi choti ambiri salipira kalikonse, nde ndalama yaikulu imachokera kwa ochepa omwe amawononga kwambiri, eni makampani amawatcha ma whale, anamgumi. Ukamasewera mwaulere mu gemu yogulitsa mphamvu, ntchito yako ndi kukhala munthu woti namgumiyo azimugonjetsa kuti aone phindu la ndalama yake. Zimapweteka kunena koma ndi mmene zilili. Ndipo si onse anamgumi ndi olemera, ena ndi anthu wamba omwe alephera kudzigwira, ofanana ndi abale athu omwe malipiro amathera pa kubetcha mpira.

Palinso battle pass, yomwe kampani ya Valve inaiyambitsa mu Dota 2 mu 2013 ndipo Fortnite inaitchukitsa. Umalipira kamodzi pa sizoni, nyengo ya masabata angapo yomwe gemu yaika, mphatso nkumatuluka ukamasewera. Mtengo wake ndi wabwino, koma taonani chomwe imachita, ukapanda kumaliza sizoni isanathe zomwe unalipirazo zimapita, nde umapezeka ukulowa usiku ndi tulo m'maso kuti umalize ntchito za tsikulo. Uku ndi kulipira pamwezi komwe kwavala malaya ena, ndipo Epic inafika pochita poyera mu 2020 ndi Fortnite Crew ya $11.99 pamwezi mkati mwa gemu yaulere.

Mbiri ikuonetsa kuti msika unasankha kale mbali. Dungeons & Dragons Online inasiya kukakamiza kulipira mu 2009, The Lord of the Rings Online mu 2010. Star Wars: The Old Republic inatuluka mu Disembala 2011 ndi kulipira pamwezi, chaka chisanathe inatsegula khomo laulere. The Elder Scrolls Online inachotsa lamulo lolipira pamwezi mu 2015. WildStar inayesa zonse ziwiri nkutsekedwa mu 2018, zomwe zikutikumbutsa kuti mbali zonse ziwiri seva ikazimitsidwa chovala chako cha madola chimapita nayo limodzi. Otsala pa kulipira pamwezi ndi ochepa, aja omwe ali ndi anthu okhulupirika kwambiri.

Nde munthu asankhe chani? Ine ndiyankha molunjika. Pa kakomedwe ka gemu, yolipira pamwezi imaposa, chifukwa mtengo walembedwa pakhomo ndipo mkati sakukuvutitsa dala. Ngati muli ndi kompyuta, magetsi odalirika kapena sola, khadi yogwira ntchito, ndipo mukudziwa kuti musewera gemu imodzi yokha madzulo ambiri pamwezi, lipirani, ola lililonse limakutsikirani mtengo. Musalipire ziwiri nthawi imodzi, mapanga awiri avumbwitsa, ndipo zimitsani zoti khadi izidulidwa yokha mwezi ukatha, muzilipira nokha mwezi womwe mukudziwa kuti muli ndi mpata.

Koma kwa ambiri a ife omwe ndalama imabwera lero mawa ayi, ndinganene kuti yambani ndi zapakati, zomwe anthu amaziiwala. Final Fantasy XIV ili ndi gawo loyeserera lopanda malire a masiku, lomwe mu 2023 analikulitsa mpaka level 70, nkhani ya maola mazana, kungoti sungagule kapena kugulitsa pamsika wa osewera. Warcraft imakulola mpaka level 20. Guild Wars 2 ya mu 2012 ilibe kulipira pamwezi, gawo loyamba ndi laulere kuyambira 2015, zigawo zinazo umagula kamodzi nkukhala zako, magetsi athime mwezi wonse palibe chomwe wataya. Old School RuneScape imayenda ngakhale pa foni kuyambira 2018, siidya bandulo kwambiri, ili ndi mbali yaulere, ndipo ukalimbikira utha kugula bond, chiphaso cha umembala, ndi golide wa mu gemu nkukhala membala osatulutsa dola, monganso WoW Token yomwe Blizzard inabweretsa mu 2015.

Ndipo mukasankha yaulere yeniyeni, musanamange mudzi kapena kulowa gulu, tsegulani kaye shopu muone chomwe akugulitsa. Zikakhala zovala ndi mavinidwe, sewerani ndi mtima umodzi. Mukaona mphamvu, kapena bokosi lozungulira ndi wotchi yowerengera chammbuyo pambali pake, dziwani kuti gemuyo anaimanga mozungulira shopuyo. Mphwanga uja tinagwirizana kuti azigula battle pass imodzi pa sizoni ndi ndalama yomwe wasunga yekha, madayamondi a mabokosi ayi, ndipo pa foni ya amayi ake tinaika pasiwedi yoti izifunsidwa pa kugula kulikonse. Holide yapitayi anabweranso, tinakhala pakhonde ndikumuphunzitsa Dota 2 pa laputopu yanga, wasankha ngwazi yotchedwa Sniper ndipo akufa kwambiri pakati pa mapu, koma sanafunse za shopu ngakhale kamodzi.