Maphunziro a kusikelo kapena malangizo a anankungwi?

Mayi wa mimba yoyamba amamva malangizo mbali ziwiri, ndipo nthawi zina amatsutsana.

Kusikelo anamwino amaphunzitsa m'mawa, asanayambe kuyeza. Yambani sikelo mimba isanapitirire masabata 12, ndipo mukaonedwe ka 8 musanachire. Kumeneko mumva zizindikiro zoopsa: kutaya magazi, mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, mwana kusiya kugunda. Mulandiranso mapiritsi owonjezera magazi, neti ndi SP woteteza malungo. Vuto lake ndi khamu. Pabenchi yodzaza, ndi angati angafunse za kuchipinda? Bambo akabwera nawo, ayezetse magazi limodzi.

Anankungwi pa chisamba, mwambo wolangiza mayi wa mimba yoyamba, amakhala nanu pamphasa osathamanga. Amafotokoza mmene matenda a uchembere amayambira, kupirira kwake ndi kubereka mwana kumbuyo. Apa amaposadi.

Koma akatulutsa mwanamphepo woti matenda afulumire, kanani mwaulemu. Mankhwalawa amalimbitsa zowawa khomo la chiberekero lisanatseguke, mwana amabanika, chiberekero chimatha kung'ambika. Akaletsa mazira, idyanibe. Pamchombo musapakepo phulusa kapena ndowe. Pomwe awiriwa asiyana pa za mankhwala ndi tsiku lopita kuchipatala, tsatani namwino.