Morakniv Companion: ndemanga yanga nditayenda nawo zaka zinayi kumapiri ndi kunyanja

Mpeniwu anandigulira alamu anga ku Johannesburg mu 2021, ine n'kuwabwezera ndalama atafika nawo kuno. Ndalamayo sinkakwana ngakhale kugula nsapato imodzi mwa nsapato ziwiri zimene ndimakwerera phiri. Kuyambira pamenepo wakhala m'chikwama changa maulendo onse a ku Mulanje ndi ku Zomba, komanso tikapita kokagona m'mahema m'mbali mwa nyanja. Anthu ambiri akauona amafunsa ngati kampeni kooneka ngati ka kukhitchini kotereka kangamuthandizedi munthu kutchire. Yankho langa ndi lakuti inde, ndipo utati wasowa lero, mawa ndikhoza kuitanitsa wina wa mtundu womwewu.

Ndisanakhale nawo ndinali ndi wina amene ndinagula pamsika. Unali wautali ngati chikwanje chaching'ono, wakuda bii, kumsana kuli mano ngati a sowo. Chogwirira chake chinali ndi mphako, mkatimo muli machesi, mbedza ndi kachingwe, ndipo pachotsekera panali kakampasi. Wogulitsa anati ndi mpeni wa asilikali. Usiku wachiwiri wa ulendo wathu, tili pa kanyumba kogona alendo ka Thuchila paphiri la Mulanje, ndinati nding'ambe chikuni chonenepa ngati mkono. Ndinangomenya kawiri, chitsulo chinaguluka n'kugwera pafupi ndi phazi la mnzanga, ine n'kutsala ndi chogwirira m'manja. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti chitsulo chonse chija chinkangogwiridwa ndi kabawuti kamodzi, chifukwa malo amene chikanalowa m'chogwirira anali atatengedwa ndi mphako ya machesi ija. Chonde, mpeni wa chogwirira cha mphako wotsika mtengo musagule, kaya ukongole bwanji. Ungathe kukuvulazani pamalo pamene chipatala chili mtunda wa tsiku lathunthu.

Morakniv amapangidwa m'tauni ya Mora ku Sweden, kumene ntchito yosula mipeni m'fakitale inayamba mu 1891. Kumeneko mpeni wotere ndi wa akalipentala, asodzi ndi amisiri omanga, si wodzionetsera, ndipo n'chifukwa chake si wokwera mtengo. Wangawu ndi wa chitsulo chosachita dzimbiri chimene amachitcha Sandvik 12C27. Chitsulocho n'chotalika masentimita 10.4, kuchindikala kwake ndi mamilimita 2.5, ndipo pamodzi ndi chimake sulemera kuposa magalamu 120 kwenikweni. Amene anakwerapo kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe atasenza ufa, nyemba, bulangeti ndi madzi akudziwa kuti pokwera paja ngakhale sipuni imayamba kulemera.

Chimene ndimaukondera kwambiri ndi mmene anausongolera. Mipeni yambiri imakhala ndi kamzere kakang'ono kwambiri kunsonga yakuthwa, ndipo ponola umafunika kuupendeketsa molingana bwino, dzanja likangosuntha pang'ono wawononga. Uwu ayi. Mbali iliyonse ili ndi thyathyathya limodzi lalikulu lotsetsereka mpaka pakuthwa penipeni. Ponola umangogoneka thyathyathyalo pamwala, chala chikupanikiza pang'ono, n'kumakankha. Mwalawo ndi umene umakuuza kuti wagona bwino. Mphwanga wa zaka 13 ndinamuphunzitsa masana amodzi, madzulo ake anali akumeta nawo ubweya wa pamkono. Ine kunyumba ndimanolera pa sandipepa yosalala imene ndinamata pa chidutswa cha galasi, kenako ndimaupukuta kangapo kumsana kwa lamba wachikopa wakale. Ndikakhala kutchire ndimatenga kamwala konolera kotalika ngati chala. Tsiku lina nditakaiwala ndinanolera pa mwala wosalala wa mumtsinje ndipo unathwa mokwanira kumaliza ulendo. Anthu amene amanola mipeni ndi magudumu amoto pamsika musawapatse, amadya chitsulo chambiri ndipo thyathyathya lija limatha.

Kasongoledwe kameneka kamaoneka ubwino wake pamtengo. Umalowa ngati tchizulo ya kalipentala. Zikhomo za hema, ndodo yoyendera, mthiko tikauiwala, mphanda zopachikapo poto, zonsezi ndasema nawo popanda dzanja kuchita matuza. Koma pamene ndinaulemekeza zedi ndi mwezi wa July 2022 pa Chisepo, kanyumba kamene anthu amagona akafuna kukwera Sapitwa m'mawa mwake. Chiperoni chinali chitagwira phiri masiku awiri, nkhungu ili tolo, nkhuni zimene mlonda anatipatsa zitanyowa kunja konse. Zala zinali zitauma ndi kuzizira moti kutsegula zipi kunali kovuta. Gaidi wathu, bambo wachikulire amene wakhala akukwera phirilo kuyambira ali mnyamata, anandiuza kuti, "Achimwene, nkhuni imanyowa khungu lokha, mtima wake ndi wouma. Tabweretsani kampeni kanuko." Anang'amba tinkhuni tonenepa ngati chala chachikulu, n'kuyamba kupala mkati mouma muja mopyapyala, tizipalapala tikupiringizika osachoka pakamtengopo, mpaka kamtengo kalikonse kanaoneka ngati nthenga ya nkhuku. Anapanga tisanu. Machesi amodzi okha, moto uja buu. Pobweza mpeniwo anauyang'ana mbali zonse n'kunena kuti, "Aka ndi kantchito." Usiku umenewo tinadya nsima yotentha ndipo masokosi anauma.

Ndinenepo pano, poti ndatchula nkhuni: kukhala ndi mpeni wakuthwa si chilolezo chodula chilichonse paphiri. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, watsala pang'ono kutheratu. Zimandipweteka ndikaona mayina a anthu atalembedwa ndi mpeni pamakungwa a mitengo kapena pamatabwa a tinyumba tija. Ine ndimasema nthambi zogwa kale ndi nkhuni za mlonda basi.

Chogwirira chake ndi cha pulasitiki yokutidwa ndi labala, ndipo sichiterera ngakhale m'manja muli mamina a nsomba. Ku Senga Bay ndinatumbula nawo chambo ndi kampango tsiku lonse, ndikupala mamba ndi kumsana kwake, madzulo ndinangoutsuka m'nyanja n'kuupukuta pa malaya. Palibe dontho la dzimbiri limene linatuluka. Mnzanga amene timayenda naye anagula wofanana nawo koma wa chitsulo cha kaboni, umene ndi wopyapyala pang'ono, mamilimita 2. Wakewo umathwa msanga pamwala kuposa wanga, zimenezo ndikuvomereza. Koma chitsulo cha kaboni chimafuna kuchisamala ngati khasu latsopano. Akadula tomato kapena ndimu amayenera kupukuta nthawi yomweyo ndi kupaka timafuta tophikira, apo ayi m'mawa chimadzuka chitachita mawanga. Kwa munthu woyenda nthawi ya dzinja, kunyanja kapena paphiri la nkhungu ngati Mulanje, ndinganene kuti atenge wosachita dzimbiri. Wokhala kouma amene amakonda kusema, wa kaboni amukomera.

Chimake ndi cha pulasitiki yolimba, chili ndi kokolekera palamba ndi kabowo pansi kotulukira madzi. Mpeni ukalowa umamveka kuti thapu, ndipo ngakhale utauzondotsa sugwa. Si chokongola ngati chachikopa, koma chachikopa chimasunga chinyontho, pamene ichi umachitsuka ndi sopo. Ndinasankha wa mtundu wa lalanje. Anzanga ankati wobiriwira ndiye wooneka wakutchire, koma chinthu chobiriwira chikagwa m'udzu dzuwa litalowa ndiye kuti chapita. Wangawu ndauiwalapo pamwala kawiri konse ndipo ndinauona ndili patali.

Tsopano zimene mpeniwu suchita, chifukwa zilipo ndipo wogula azidziwe.

Chitsulo chake sichidutsa chogwirira chonse mpaka kumapeto. Chimalowa mozama ndithu, kupitirira theka, ndipo pulasitiki anaiumbira pomwepo moti pazaka zinayi sichinagwedezekepo. Komabe si mpeni womenya ndi chipika pofuna kung'amba nkhuni zazikulu, kapena wokanulira zitseko ndi kukumbira mbewa. Ine ndimang'amba nawo nkhuni zosaposa dzanja langa pamfundo, zopanda mfundo zolimba, ndikumenya pang'onopang'ono ndi kamtengo. Kampani yomweyo ili ndi wina wotchedwa Garberg umene chitsulo chake chimadutsa chogwirira chonse, koma mtengo wake ungagule a Companion angapo. Palinso Companion wochindikala mamilimita 3.2 amene amamutcha Heavy Duty. Kwa ife kuno sindiona chifukwa cholipirira zambiri. Ntchito yolemera ili kale ndi mwini wake, chikwanje, ndipo chikwanje chabwino chimapezeka pa sitolo iliyonse ya zipangizo zaulimi pamtengo wochepa. Makolo athu ankapita kuthengo ndi nkhwangwa paphewa, kampeni m'chiuno, chilichonse ndi ntchito yake. Anthu a m'mavidiyo a pa YouTube amafuna mpeni umodzi ugwetse mtengo, useme sipuni ndiponso usende mbatata. Mpeni wotero umalemera, ndi wokwera mtengo, ndipo ntchito zonse zitatuzo umazigwira mwatheka. Tikamapita kogona m'mahema ndi galimoto ndimatenga zonse ziwiri, chikwanje ndi Mora. Tikamakwera phiri lokhala ndi tinyumba, Mora yekha amakwana.

Chachiwiri ndi kukhitchini. Kasongoledwe kamene kamaupangitsa kukhala wabwino pamtengo kamachititsa kuti pa zinthu zolimba monga karoti, chinangwa kapena mbatata yaiwisi uzing'amba m'malo modula bwinobwino. Anyezi amaduka koma osati mopyapyala. Kabichi wa anthu asanu ndi mmodzi amatenga nthawi. Nyama, nsomba, buledi, chingwe ndi nzimbe ulibe nazo vuto.

Chachitatu, msana wake pochokera kufakitale ndi wobulungira pang'ono, choncho sutulutsa moto pa kachitsulo koyatsira kamene amati ferro rod. Izi ndinakonza ndekha. Ndinaumanga pa vayisi, n'kupala kachigawo ka msanawo ndi tupa mpaka m'mphepete mwake munakhala ngodya yakuthwa. Mphindi khumi zinakwana, ndipo tsopano umathetheka bwino. Komabe machesi okulungidwa m'pulasitiki ndi laita sindisiya.

Ena andifunsa chifukwa chake sindinangogula mpeni wopinda, poti Okapi timaidziwa tonse ndipo ndi yotsika mtengo kwambiri. Ndili nayo, ndipo posenda mango kapena kudula chingwe pakhomo ndi imene ndimagwira. Opinel nambala 8 ya ku France nayonso ndi yopepuka, imadula ndiwo bwino kuposa Mora. Koma mpeni uliwonse wopinda uli ndi polumikizira, ndipo polumikizira ndi pamene mchenga, magazi a nsomba ndi madzi zimabisala. Chogwirira chathabwa chikanyowa chimafufuma, kutsegula n'kumavuta. Dzanja likazizira kapena likakhala limodzi lokha lomasuka, mpeni wosapinda umangousolola basi.

Mawu akuti mpeni wopulumukira ndinkawamva ngati nkhani ya munthu wosochera yekha m'nkhalango. Tanthauzo lake lenileni ndinaliona mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba za abale athu ku Phalombe. Titakwanitsa kufika, ntchito inali yomanga zisakasa zoti anthu agonemo. Masiku atatu mpeniwu sunapume. Unadula mapepala apulasitiki ofolera, unang'amba nsungwi, unasenda luzi, unadula matayala akale kupanga malamba omangira, unatsegula matumba a ufa, unasonga zikhomo zosawerengeka. Unkachoka m'manja mwanga kupita kwa amalume, kuchoka apo kwa amayi ena a nyumba yoyandikana, ndipo aliyense ankaugwira osafuna kuuzidwa kagwiridwe. Matayala aja anaubunthitsa ndithu, ndipo penapake unakumana ndi waya n'kubenthuka kadontho kakang'ono. Usiku uliwonse ndinkaugoneka pamwala kwa mphindi zochepa, m'mawa n'kuyambiranso. Ukanakhala mpeni wokwera mtengo kwambiri mwina ndikanaumira kuubwereketsa. Uwu ndinkaupereka ndi mtima umodzi.

Pogula samalani ndi zinthu zingapo. Yang'anani kuti pachitsulo palembedwe Morakniv ndi Made in Sweden, ndipo pasonyezedwe ngati ndi stainless kapena carbon, chifukwa ofanizira alipo. Wobwera nawo pandege auike m'chikwama chachikulu chopita kunsi, osati cha m'manja, apo ayi utsala pabwalo la ndege. Ndipo ndi chipangizo cha kutchire, si choyenda nacho palamba m'tauni kapena m'minibasi. Wanga umakhala pansi pa chikwama mpaka titayamba kukwera. Ulibenso chotchinga chachikulu cha zala, ndiye mwana akamaphunzira azisema molozetsa kutali ndi thupi, wamkulu ali pambali.

Lero chogwirira chake chada pang'ono ndi utsi, chitsulo chili ndi mikwingwirima, ndipo kadontho kobenthuka ku Phalombe kaja kanatha ndi kunola. Mphwanga uja akwera nafe Sapitwa koyamba chilimwe chikubwerachi, mamita 3,002, ndipo alamu ndawatumira kale uthenga kuti pobwera adzatenge wina wa lalanje.