Kupuma ntchito msanga ku Chigwa cha Shire: kukonza nyumba yakale kapena kumanga yaing'ono?

Nyumba yakale imakopa chifukwa ilipo kale, penshoni siyitha msanga. Koma musanachoke ku Blantyre, kayang'aneni m'munsi mwa khoma. Pulasitala akamafumbutuka, pakhoma pali mzere wa matope, ndiye kuti madzi osefukira, ngati a namondwe Freddy mu 2023, anafikapo. Gogodani mitengo ya denga: ikamveka mphako, chiswe chadya kale. Denga lotsika la malata lopanda siling'i, mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Ngabu, simungagonemo.

Yatsopano ya zipinda ziwiri imadya simenti ndi nthawi, koma malo mumasankha nokha: pamtunda, maziko okwera, mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa. Ngati yakaleyo ili kudambo, mangani yatsopano basi. Kulikonseko, lawani kaye madzi a pamjigo wapafupi, chifukwa mijigo ina kuno imatulutsa amchere.