Tebulo la paini la kwa kalipentala wa ku Chibavi

Amene mukufuna tebulo lodyera kuno ku Mzuzu, pitani kwa bambo wina wachikulire amene amapala matabwa pansi pa shedi ya malata ku Chibavi. Chikwangwani alibe, mungofunsa a kabaza. Miyendo ya tebulo amailowetsa m'mabowo n'kumata ndi guluu, osati kungokhomera misomali, moti langa siligwedera ngakhale ana atatsamira mbali imodzi onse. Vanishi anapaka bwino, mizere ya paini ikuonekera.

Vuto lawo n'kuchedwa. Tsiku lomwe tinapangana linadutsa, ine n'kumangoyendera. Nditadandaula anandionetsa matabwa ataimikidwa kukhoma, utomoni ukadatuluka. "Mayi, ndikakhoma awa lero, dzuwa la Okutobala likadzafika tebulo lidzapindika." Ndi chinyezi cha Mzuzu, thabwa siliuma msanga. Pamwamba pa tebulo langa anachita kulumikiza timatabwa topapatiza, chifukwa otambalala a mitengo yokhwima akusowa, ndipo akapezeka mtengo wake ndi wosayamba.

Apa m'pamene pamandiwawa, chifukwa Chikangawa ili pakhomo pathu penipeni. Nkhalango imeneyi, ya mahekitala pafupifupi 53,000, mbali yaikulu inabzalidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndi thandizo la Britain. Sanabzalire mmisiri wa ku Chibavi ayi. Cholinga chinali fakitale ya ku Chintheche yogaya mitengo kuti ikapangidwe mapepala kunja, ndipo fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo itakhwima ocheka anakhamukirako, malole n'kumatuta matabwa kudzera ku Songwe kupita ku Tanzania ndi Kenya, kumene ogula amalipira bwino kuposa ife. Kubzala kunatsalira m'mbuyo, moto nawo unawononga kwambiri. Mukamadutsa pa M1 kulowera ku Mzimba mumadzionera nokha mapiri a zitsa zokhazokha. Matabwa onse aja akadatha kulemba ntchito anyamata athu ambirimbiri opanga mipando, zitseko ndi madesiki a sukulu konkuno, koma anachoka osapala n'komwe.

Ndiye mtengo wa tebulo nditaumva ndinausa moyo, koma sindikuwaimba mlandu bambowa, ndalama yambiri ikuthera pa thabwa. Amafuna theka la ndalama poyamba. Apatseni nthawi yokwanira, ndipo musanapereke kanthu pemphani muone matabwa amene akukhomereni. Mipando ndikapangitsanso komweko.