Chainsaw ya 45cc pa mitengo youma: mmene yakhalira patapita miyezi

Ndinagula chainsaw imeneyi kuti ndizidulira nkhuni pa mitengo imene inafa kale pafamu, ina yogwa yokha, ina youma ili chiimire. Ndi ya 45cc (uku ndi kukula kwa injini), bala yake, chitsulo chimene tcheni chimazungulirapo, ndi ya mainchesi 16, tcheni cha saizi ya .325. Yadutsa dzinja ndi chilimwe, ndipo injini sinandivutepo: kukoka chingwe kawiri katatu, yalira. Petulo ndimasakaniza ndi oilo wa two-stroke pa 50:1, muyezo umene Stihl ndi Husqvarna, makampani opanga ma chainsaw, amalangiza, kutanthauza mamililita 100 a oilo pa malita 5 a petulo. Petulo wosakanizayo sindimusunga kupitirira mwezi.

Pamene pagona nkhani ndi pa tcheni. Mtengo wouma umadya mano kuposa wauwisi, makamaka umene wakhalitsa pansi. M'ming'alu mwake mumalowa mchenga, chiswenso chimakwezamo dothi mpaka mkati. Kungokhudza dothilo kamodzi, tcheni chabuntha. Mudzazindikira ndi utuchi: chakuthwa chimalavula tizibenthu tokhuthala, chobuntha chimatulutsa fumbi losalala ngati phulusa, ndipo mumayamba kukanikiza ndi mphamvu za m'manja. Ine ndimanola nthawi iliyonse ndikathira mafuta, ndi tupa yozungulira ya 4.8 mm, pa madigiri 30. Fumbi lomwelo limatsekanso sefa ya mpweya msanga, choncho ndimayipukuta ndikaweruka.

Thirakitala imathandiza kwambiri, koma kukoka zipika pansi kumadzaza mchenga m'makungwa, ndiye tcheni n'kumavutika pambuyo pake. Chondikomera ine n'kudula pomwe mtengo wagonapo, n'kukweza zidutswa m'ngolo. Ngati kukoka sikungapeweke, mangirirani pa drawbar, chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa thirakitala, m'munsi mwa ekiselo ya matayala akumbuyo. Mukamanga pamwamba, chipika n'kukodwa pa chitsa, thirakitala imanyamuka kutsogolo n'kugadabukira kumbuyo pasanathe masekondi awiri. Apa ndikupemphani ndithu, musachite chibwana.

Nkhuni zabwino koposa zachokera ku mitengo youma yoimirira. Nthambi zam'mwamba zimayaka tsiku lomwelo, koma thunthu lam'munsi nthawi zambiri limakhala likadali ndi chinyezi. Nkhuni zimayaka bwino chinyezi chikatsika pansi pa 20 peresenti, ndiye zam'munsizo ndimaziwaza n'kuzisanja pamalo opita mphepo. Mitengo yomweyi ndi imenenso ndimayiopa. Kunjenjemera kwa makina kumathothola nthambi zofumbwa inu maso ali pansi, ndipo ngati mkati mwawola, kachigawo kamene mumasiya kuti kawongolere kagwedwe kamathyoka nthawi isanakwane. Ndisanadule ndimagogoda thunthu ndi msana wa nkhwangwa: likamveka phwako, ndimausiya. Chipewa cholimba, zotseka m'makutu ndi buluku lotchinga tcheni sindivula ngakhale kutenthe. Ina yamphako ndimayisiya dala, poti mbalame zimaswera momwemo.

Kodi ndingaigulenso? Inde. Pa zipika zosapitirira masentimita 35 imadula mosavuta, ndipo n'njopepuka moti mapewa satopa msanga. Pa mitengo ikuluikulu yolimba imapuma movutikira, pamenepo pafunika ya 60cc kupita m'mwamba. Amene mukugula yonga iyi chifukwa cha mitengo youma, tengerani limodzi matcheni awiri apadera ndi tupa, chifukwa tcheni chimodzi sichingakufikitseni madzulo.