Chisoti cha nyale zofiira: nyenyezi zitatu, koma wogulitsa sindimupatsa ngakhale imodzi

Ndaona mnyamata amene anatigulitsa chisoti cha nyale zofiira, chija ankati chimachiza munthu wovulala m'mutu, wayambanso kuitanira malonda pa WhatsApp, ndipo pano akuti chimachizanso sitiroko, BP ndi shuga. Ndiye ndati ndilembe, mwina wina pano pa Mangochi boma ali pafupi kutumiza ndalama.

Abambo a kwathu anagwa pa njinga yamoto ya kabaza chaka chatha, atangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi, alibe helemeti monga mudziwa mmene timakwerera kuno. Anatitumiza ku Queens kukajambula mutu, anapeza kuti magazi anatayikira pang'ono mkati koma sipanafunike opaleshoni. Tinabwerera ku Mangochi ndi munthu wina. Mutu kuwawa tsiku ndi tsiku, tulo osabwera, kupsa mtima pa zinthu za ziii, ndipo munthu amene ankawerengera mitengo ya chambo pamtima ankaiwala kuti wamwa tiyi. Anagwanso kamodzi ngati wakhunyu, ndiye anawapatsa mapilitsi akumwa tsiku lililonse osadumphitsa.

Ndi chifukwa chake tinagula chisoticho kwa mnyamatayo. Mtengo wake unali 1.3 miliyoni kwacha, kuphatikiza zoti "kasitomu ya pa boda" zimene sitinaonepo lisiti lake. Tinagulitsa filiji ya nsomba. Anati katundu achokera ku Joni pakatha sabata ziwiri, anafika patatha mwezi ndi kuposa, m'katoni yophwanyika ngodya, pulagi yake ya mano atatu obulungira a ku South Africa osalowa pa soketi yathu. Izo ndinangopirira, adaputa ndinagula ndekha mu msika.

Chimene sindingamukhululukire ndi ichi. Tsiku lomwe anabweretsa chisoticho anakhala pakhonde pathu, anamwa fanta yathu, n'kuuza bambowo maso ndi maso kuti, "Bambo, mapilitsi a kuchipatalawa amagoneka ubongo. Kuwala kukamalowa amakutchinga. Musiye kaye mwezi umodzi muone zodabwitsa." Ine ndinamudula pomwepo kuti achimwene, inu si dokotala, zimenezo ayi. Anaseka, akuti mayi musaope, ndathandiza anthu ambiri. Atachoka anatumizanso voisi kwa bambowo pa foni yawo, osati yanga, kubwereza zomwezo. Taganizani munthu amene wavulala m'mutu, watopa ndi mankhwala omufooketsa, akufunitsitsa kubwerera ku nyanja kukagula nsomba ngati amuna anzake, ndiye wina amuuze kuti ukasiya mapilitsi uchira msanga. Anayamba kuwabisa pansi pa mphasa, ine ndikawapatsa amangoika mkamwa n'kukalavula.

Zinaululika Lachisanu lina masana. Ndinali kuseri ndikuyanika usipa pa thandala, ndinangomva mtsikana wathu akukuwa kuti amayi, ababa agwa. Ndinawapeza pansi pafupi ndi mbaula ya moto, thupi lonse likugwedezeka, thovu kukamwa, lilime atadziluma, mwendo utagunda poto wa madzi otentha mpaka kupsa pa katumba. Mbaulayo ikanakhala mbali inayo sindikudziwa kuti lero ndikanalemba chiyani. Aneba anathamanga ndi supuni kuti awaike mkamwa, ndinakana chifukwa anamwino anandiphunzitsa kale kuti munthu akagwa choncho umangomugoneka cham'mbali, kuchotsa zinthu zomupweteka pafupi, osamuika kanthu mkamwa. Ku chipatala adokotala anangofunsa funso limodzi: mankhwala akumwa? Bambowo anaweramitsa mutu. Adokotala anafotokoza kuti mankhwala a khunyu ukawasiya mwadzidzidzi, kugwa kumabwerera, nthawi zina moopsa kuposa poyamba, moti munthu amatha kumangogwa motsatizana osatsitsimuka mpaka kutaya moyo.

Usiku womwewo ndinamuimbira mnyamatayo. Anati sananenepo zimenezo. Ndinamutumizira voisi yake yomwe. Anandibuloka. Chaja yachiwiri imene tinalipira sanabweretse mpaka lero.

Mkwiyo wanga unali woti ndikachiponye mu Shire chisoticho. Anandiletsa ndi mlongo wanga amene akuphunzira za udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Anati chipangizo sichinalakwe, chalakwa ndi pakamwa pa munthu. Iye ndi amenenso anandimasulira nkhawa ina: ndinkaona kuti nyale zambiri mkatimo siziyaka, zofiira zochepa zokha, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti anatigulitsa chakufa. Anatenga foni yake, n'kuloza kamera mkati mwa chisoti chili choyatsa, ndipo pa sikirini tinyale tonse tija tinaoneka tikuwala mofiirira ngati makala opita kozima. Akuti kuwala kwake, kwa mtundu umene pa katoni analemba kuti 810 nm, maso athu sakuona koma kamera ya mafoni ena imakugwira. Ndiye amene mwagula, yesani kaye zimenezo musanakalipe.

Anandiuzanso zoona zake za chinthuchi, zimene wogulitsa sanganene. Nkhani yochiza ndi kuwala inayamba mu 1967 ku Hungary, pamene Endre Mester anaona kuti mbewa zimene anaziwalitsa ndi kuwala kofooka kwa makina otchedwa laser zinamera ubweya msanga. Maganizo a ofufuza ndi akuti kuwala kofiiraku kumathandiza tizigawo ta m'maselo timene timapanga mphamvu, komanso kuti magazi aziyenda bwino pamalopo. Vuto ndi lakuti pakati pa nyale ndi ubongo pali tsitsi, khungu ndi chigaza, ndiye kumene kumafika mkati ndi kochepa kwambiri. Ku Boston, Margaret Naeser ndi anzake anayesa pa anthu 11 okha mu 2014, katatu pa sabata kwa sabata zisanu ndi imodzi, ndipo anaona kusintha pa kukumbukira ndi kuika maganizo pa chinthu, koma panalibe gulu lina losawalitsidwa loti ayerekezere nalo. Mu 2020 chipatala cha Massachusetts General chinafalitsa kafukufuku wa odwala 68 amene anali atangovulala kumene. Zithunzi za makina ojambula mkati mwa mutu otchedwa MRI zinaonetsa kuti ubongo ukuyankha ku kuwalako, koma sanathe kutsimikiza kuti odwala owalitsidwawo anapeza bwino kuposa anzawo osawalitsidwa. Ndiye zoti "azungu anatsimikiza kuti chimachiza" ndi bodza la malonda. Akadali kufufuza.

Adokotala atamva zonse anati ngati mankhwala akumwa mokhulupirika, chisoti avale, koma ndisamachiyatse moti nyale zizithwanima, ndizisiya pa kuwala kokhazikika chifukwa cha kugwa kuja. Ndimo mmene tikuchitira. Mphindi 20, tsiku lina inde lina ayi.

Apa ndiye mtima wanga unayamba kutsika. Tulo tabwerera, ndipo kwa ine chimenecho ndi chachikulu, chifukwa munthu amene sagona amavutitsa nyumba yonse. Kale ankazungulira pabwalo mpaka mwazini aitane swala ya mbandakucha. Pano ndimachita kuwadzutsa. Mutu ukuwawabe koma osati tsiku lililonse. Kuiwala kudakalipo, ndalama zogulira nsomba ku Malembo sindiwapatsa okha, amapita ndi mphwawo. Adokotala anandichenjeza kuti ndisathokoze chisoti chokha, chifukwa ubongo wovulala umachira pawokha pang'onopang'ono, makamaka miyezi yoyambirira, ndipo mankhwala nawo ayambanso kugwira ntchito yake. Ndikuvomereza. Komabe mphindi 20 zimenezo ndi nthawi yokhayo imene bambowa amakhala phee, foni patali, ana atawathamangitsa, ndipo amachita kukumbutsa okha kuti mayi a Shakira, lero ndi tsiku la chisoti. Munthu woiwala tiyi kukumbukira zimenezo, ine sindizitenga mopepuka.

Zolakwika za chipangizocho zilipo ndithu. Sanachipangire kutentha kwa kuno. Mwezi wa Okutobala munthu akavala masana, thukuta limachita kuyenderera m'makutu, siponji ya mkati imanunkha, ndipo guluu wake wayamba kale kumatuka cha pachipumi. Ife timavala m'mawa kwambiri kapena dzuwa litalowa. Batire imatha ukangovala kawiri, ndiye magetsi akathima tsiku lonse pulogalamu yasokonekera. Pa sola yathu yaing'ono imatenga nthawi yaitali kudzadza. Tsitsi liyenera kukhala lalifupi, ife timameta mpala sabata iliyonse. Kabuku ka malangizo kali mu Chingerezi chovuta kumva, ndipo palibe pamene pakutchula za munthu wovulala mutu, pangolembedwa kuti ndi chothandiza kuti munthu azimva bwino m'thupi. Mlongo wanga akuti ambiri amalemba choncho dala, chifukwa sichinavomerezedwe ngati mankhwala a vuto limeneli.

Kodi ndingagulenso? Ndi 1.3 miliyoni, ayi. Ndalama imeneyo ikanatilipirira maulendo ambiri a ku Blantyre kukaonana ndi madokotala a ubongo ndi a mafizo, filiji ikanakhalapo, ndi helemeti yabwino pamwamba. Koma poti chilipo kale, sindichigulitsa, ngakhale mayi wina wa ku Namwera amene mwana wake anagwa mu mtengo wa mango wandipempha kangapo. Ndinamuuza kuti ayambe wapita naye kuchipatala, akamve kwa adokotala ngati mwana wa msinkhu umenewo angavale.

Voisi ya mnyamata uja ndinaisunga, ndipo Lolemba ndikupita nayo ku polisi limodzi ndi kalata ya kuchipatala.